Omega-3 ndi chiwindi cha achemwali anga

Achemwali anga sanalawepo mowa chibadwire, koma sikani inaonetsa kuti chiwindi chawo chadzadza mafuta. Dokotala anati vutoli limakonda anthu onenepa ndi odwala shuga, ndipo padziko lonse lagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse akuluakulu. Chiwindi chimatchedwa cha mafuta ngati mafutawo apitirira 5 peresenti ya chiwindicho. Nthawi zambiri sichipweteka, n'chifukwa chake ambiri amadziwa mochedwa.

Nkhaniyi itamveka, anzawo anayamba kuwalimbikitsa kugula timabotolo ta makapisozi a mafuta a nsomba, aja a omega-3. Ena ankati amatsuka chiwindi. Mtengo wake si wamasewera, ndiye ndinafuna kudziwa ngati ndalamazo zikupita pabwino.

Omega-3 amene amagwiradi ntchito m'thupi ndi EPA ndi DHA, ndipo amapezeka m'nsomba. Amachititsa chiwindi kuti chichepetse kupanga mafuta atsopano, komanso amatsitsa mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides. Ku Southampton, ku England, kunachitika kafukufuku wotchedwa WELCOME, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Odwala ankamwa magalamu 4 a omega-3 tsiku lililonse kwa miyezi 15 mpaka 18. Amene DHA inakwera bwino m'magazi mwawo, mafuta a m'chiwindi anatsika. Koma zizindikiro za zipsera za m'chiwindi sizinasinthe. Apa ndi pamene pali nkhani, chifukwa choopsa kwambiri pa chiwindi ndi zipserazo, chiwindi chikauma n'kulephera ntchito. N'chifukwa chake madokotala a chiwindi sawerengera makapisoziwa ngati mankhwala a matendawa.

Chimene chatsimikizika ndi kuchepetsa thupi. Kutaya 3 mpaka 5 peresenti ya kulemera kwako kumachotsa mafuta ena m'chiwindi, ndipo 7 mpaka 10 peresenti kumachepetsa kutupa, nthawi zina ngakhale zipsera. Kwa munthu wa makilogalamu 80, 7 mpaka 10 peresentiyo ndi pafupifupi makilogalamu 6 mpaka 8. Zakumwa zozizira za shuga, tiyi wothira masupuni anayi, mandasi m'mawa uliwonse, nsima yambiri usiku: shuga ndi ufa ukachuluka chonchi, chiwindi chimasandutsa wotsalawo kukhala mafuta.

Chimandiwawa n'chakuti timalipira ndalama zambiri pa botolo lochokera kunja pamene usipa uli pamsika pompa. Nsomba zing'onozing'ono za m'nyanja yathu zili ndi omega-3, ndipo timazidya ndi mutu ndi minga womwe. Vuto ndi kaphikidwe. Usipa womizidwa m'mafuta okazingira amene agwiritsidwa kale ntchito kangapo umabwera ndi mafuta ochuluka omwe munthu wofuna kuchepa thupi akuwathawa. Achemwali tsopano amauphika wofutsa, ndi tomato ndi anyezi, kamafuta pang'ono chabe. Nsinjiro ndi yabwino m'masamba, koma musaidalire pa omega-3, ilibe wokwanira.

Amayendanso wapansi madzulo m'malo mokwera kabaza. Dokotala anawayezanso hepatitis B, yomwe kuno kwathu ndi yofala ndipo imawononga chiwindi mwakachetechete. Aliyense amene wauzidwa za mafuta m'chiwindi apemphe kuyezedwa nayenso. Ndipo ngati mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, musayambe makapisozi a mafuta a nsomba musanafunse dokotala wanu.