Chidindo cha m'pasipoti ya alamu anga

Kwathu kuno mlendo safunsidwa tsiku limene adzabwerere kwawo. Munthu akafika pakhomo timamulandira katundu, timamupatsa madzi osamba, timamuphera nkhuku ngati ilipo, koma funso loti "mubwerera liti?" timaliopa chifukwa limamveka ngati tikumupirikitsa. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ine ndinakula ndi maganizo amenewo. Ulemu womwewu ndi umene unachititsa kuti alamu anga alipire chindapusa chimene tikanatha kuchipewa ndi funso limodzi lokha.

Alamu angawo, akazi a achimwene anga aakulu, ndi mbadwa ya ku Ulaya, ndipo anabwera okha kudzaona apongozi awo. Anafikira kwa ine ku Area 25, mu Lilongwe. Viza yawo ya alendo anaitenga kudzera pa intaneti asananyamuke, ndipo papepala panalembedwa kuti igwira ntchito miyezi itatu. Atatsika ndege ku bwalo la Kamuzu anawadindira m'pasipoti ndi kulembamo tsiku ndi bolopeni, koma palibe mmodzi wa ife amene analiyang'ana, poti tonse tinali pa chimwemwe cha malonje. Sabata yachitatu mayi athu anadwala mpaka kugonekedwa m'chipatala, ndipo alamu anasintha tikiti yawo ya ndege nakhala gadiyani, kunyamula phala m'fulasiki m'mawa uliwonse ndi kugona pansi pafupi ndi bedi la apongozi awo. Nthawi yonseyi pasipoti inali m'chikwama pansi pa bedi kunyumba.

Nkhani inadziwika tsiku limene tinapita kukasintha ndalama m'tauni. Mtsikana wa pawindo anatsegula pasipoti ija, anaika chala pa chidindo, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, kodi masiku anu munakawonjezera?" Alamu anayankha kuti viza yawo ndi ya miyezi itatu. Mtsikanayo anatembenuza pasipoti kuti ifenso tione, ndipo pansi pa chala chake panali tsiku limene linali litadutsa kale ndi masiku 6. Ndikukumbukira mmene nkhope ya alamu inagwera, chifukwa ndi munthu amene safuna kulakwira lamulo ngakhale laling'ono.

Apa mpamene alendo ambiri amasokonezeka, ndipo nkoyenera kufotokoza bwino. Nthawi yolembedwa pa viza ndi nthawi imene munthu angagwiritse ntchito vizayo polowa m'dziko. Masiku amene waloledwa kukhala ndi nkhani ina, ndipo amalembedwa pa chidindo chimene wolowa amalandira pachipata, kaya ndi pa bwalo la ndege, ku Mchinji, ku Dedza, ku Mwanza kapena ku Songwe. Kuno ku Malawi mlendo nthawi zambiri amapatsidwa masiku 30, ndipo akafuna kukhalitsa amapita ku ofesi ya nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko kukawonjezera masiku polipira ndalama, mpaka onse pamodzi akwane 90. Chofunika n'chakuti apite tsiku lolembedwalo lisanafike. Mu Febuluwale 2024 boma litachotsa lamulo la viza kwa nzika za maiko 79, ena anamva ngati alendowo angakhale mmene angafunire, pamene chimene chinachotsedwa chinali viza yokha, chidindo ndi masiku ake zinali zikadalipo.

M'mawa mwake tinapita ku ofesi tokha, osadikira kuti akatigwire pa bwalo la ndege. Anatiuza kuti chindapusa chimawerengedwa pa tsiku lililonse limene munthu wapyola, ndipo chimalipidwa m'madola. Aliyense wokhala mu Lilongwe akudziwa kuti kupeza ndalama zakunja masiku ano n'kovuta, choncho vuto lalikulu linali la kumene tingapeze madolawo. Makwacha tinali nawo, koma tinayenda tsiku lonse, ndipo tsiku limenelo nalonso linawerengedwa. Anatithandiza ndi mnzanga wina wa kumpingo amene anali atatsala ndi madola a ulendo wake. Titalipira anatipatsa lisiti, anawonjezera masiku, ndipo alamu anabwerera kuchipatala madzulo omwewo.

Poyamba ndinawawidwa mtima, chifukwa ndinkaona kuti munthu amene wagona pansi m'chipatala kusamalira mayi wa Chimalawi sayenera kulipitsidwa. Nditaganiza mofatsa ndinasintha maganizo. Dziko lililonse liyenera kudziwa amene ali m'kati mwake ndi nthawi imene adzatuluke, ndipo wogwira ntchito pachipata sangaone mumtima mwa munthu kuti asiyanitse amene anaiwala ndi amene anachita dala. Maiko amene amadalira kwambiri alendo odzaona malo nawonso amalipitsa. Ku Thailand chindapusa ndi 500 baht (ndalama ya kumeneko) pa tsiku, koma sichipyola 20,000 baht, pamene ku Indonesia ndi 1,000,000 rupiah (ndalama ya kumeneko) pa tsiku. Njira ya ku Thailand yoika malire ine ndimaiona kuti ndi yanzeru, chifukwa chindapusa chikamangokwera osaima, munthu amene wapyola masiku ambiri amayamba kubisala m'malo mokadzionetsa.

Chimene chinanditonthoza kwenikweni ndi kukumbukira abale athu amene amapita ku Joni. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza. Kuyambira mu Meyi 2014 dzikolo linasiya kulipitsa chindapusa kwa opyola masiku, ndipo m'malo mwake limawaletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati munthu sanapyole ndi masiku oposa 30, ndi zaka 5 ngati wapyola kuposa pamenepo. Taganizirani mayi wa geni amene amakwera basi kukapikula katundu ku Johannesburg, wachedwa masiku atatu chifukwa cha matenda, ndipo pa chipata cha Beitbridge, m'malire a South Africa ndi Zimbabwe, akumuuza kuti asaonekenso kwa chaka chathunthu. Geni yake yathera pomwepo, ndipo ngati ali ndi mwana kapena mwamuna kumeneko, banja lapatukana. Alamu anga akanalandira chilango cha mtundu umenewu, sakanabweranso kudzaona apongozi awo chaka chotsatira. Pakati pa ziwirizi ine ndimasankha chindapusa, chifukwa ndalama zimapezekanso.

Palinso mbali ina imene imatikhudza tonse. Mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kufuna kuti ofunsira viza ya alendo ochokera ku Malawi ndi ku Zambia azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene linapereka chinali chakuti anthu ena akapita sabwerera pa nthawi yake. Motero amene sanalakwe akusenza mtolo wa ena, ndipo n'chifukwa chake sindingathenso kunena kuti kupyola masiku ndi nkhani ya munthu mmodzi.

Mayi anachira, ndipo alamu anabweranso chaka chotsatira pamodzi ndi achimwene ndi ana. Tili m'galimoto pa bwalo la ndege, tisanalowe mumsewu wa M1, ndinalimba mtima nkunena kuti, "Alamu, pepani, sikuti ndikukuthamangitsani, koma ndione nawo pasipoti yanu." Anaitulutsa mosanyinyirika, tinawerenga tsikulo mokweza tonse awiri, ndipo titafika kunyumba ndinalizunguliza ndi bolopeni yofiira pa kalendala ya kukhitchini, nkulembanso lina sabata imodzi lisanafike, loti tidzapite kukawonjezera masiku.