Mafilimu ali m'nyumba, koma za owonera zikupita kuti? Mmene ndimatsekera seva ya Jellyfin

Munthu akaika mafilimu, nyimbo ndi makanema apabanja pa kompyuta yakale n'kumaonera pa TV ndi pafoni, amaona ngati nkhani ya chinsinsi yathera pomwepo. Mafayilowo alidi m'nyumba. Koma mayina ake, nthawi imene mumaonera, amene akuonera, ndi adiresi ya IP ya nyumba yanu (nambala imene imakuzindikiritsani pa intaneti) zimatulukira m'makomo ena amene simunawaone. Ndifotokoza mmene ndimakonzera seva yotere kuyambira pachiyambi, ndipo musadumphe kutsatana kwake, chifukwa dzina la fayilo likangopita kunja lapita. Madzi akatayika saoleka.

Pa mapulogalamu amene amasandutsa kompyuta kukhala seva ya mafilimu, ndimasankha Jellyfin, osati Plex, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi. Pa Plex, seva ili kwanu koma akaunti ili kwa kampani, ndiye polowa mumadutsa pa plex.tv. Mu August 2022 kampaniyi inauza anthu onse kuti asinthe mapasiwedi anthu akuba atafika pa nkhokwe ya maakaunti. Mu November 2023 anthu anadandaula atayamba kulandira maimelo owauza zimene anzawo anaonera mlungu umenewo. Jellyfin inapatuka kuchokera ku Emby mu 2018, ndi yaulere, ndipo maakaunti onse amakhala pa disiki yanu. Izi sizikutanthauza kuti imabwera yotsekeka kale. Zikungotanthauza kuti makiyi onse ali m'manja mwanu.

Ndimaika Debian kapena Ubuntu Server pa kompyutayo, ndimailumikiza ku rauta ndi waya, kenaka pa rauta ndimaipatsa adiresi yosasintha, tinene 192.168.1.10. Ndikadali pa rauta pomwepo ndimazimitsa UPnP. Imeneyi ndi njira imene pulogalamu iliyonse ya m'nyumba imauzira rauta kuti itsegule port (khomo la pa netiweki) kunja popanda kukufunsani.

Jellyfin ndimaiyendetsa mu Docker, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena paokhapaokha, ndipo mu fayilo yake ya malangizo yotchedwa compose muli mizere itatu imene sindisiya. Woyamba ndi user: 1000:1000, kuti isayende ngati root, akaunti yamphamvu zonse pa kompyutayo. Wachiwiri ndi /srv/media:/media:ro. Zilembo ziwiri zakumapetozo zimapangitsa kuti seva izingowerenga mafayilo, ndiye ngakhale wina ataba akaunti ya admin sangafufute filimu. Mukatero musatsegule zosungira zithunzi ndi mafayilo a NFO (ofotokoza za filimu) m'mafoda a mafilimu, chifukwa zizingolephera. Wachitatu ndi network_mode: host, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mukalemba ports 8096:8096 monga zimalembedwera m'malangizo ambiri, Docker imadzilembera yokha malamulo a iptables amene amadutsa ufw (firewall, yotseka ma port osafunika) m'mbali. Inu mukuona ufw ikuti zonse n'zotseka, pamene port ili pululu. Ndi host, firewall imagwiranso ntchito, ndiponso Jellyfin imaona adiresi yeniyeni ya aliyense wolowa.

Pa ufw ndimayamba ndi sudo ufw default deny incoming. Kenaka ndimaloleza port 22 ya SSH (yolamulira seva kuchokera pa kompyuta ina), port 8096 ya TCP ndi port 7359 ya UDP, zonse kuchokera ku 192.168.1.0/24 kokha, ndiye kuti zida za m'nyumba. Ya 7359 ndi imene mapulogalamu a pafoni ndi pa TV amapezera seva okha. Lamulo la SSH lilembedwe musanalembe ufw enable, apo ayi mudzitsekera kunja n'kuyamba kusakasaka sikirini ndi kiyibodi.

Ndikatsegula 192.168.1.10:8096 koyamba, imandifunsa dzina ndi pasiwedi ya admin, kenaka imati ndiwonjezere malaibulale. Tsamba limeneli ndimalidumpha dala. Pa tsamba lomaliza ndimachotsa chizindikiro pa Allow remote connections, ndi pa Enable automatic port mapping ngati mtundu umene mwaikawo ukadali nayo.

Chifukwa chodumphira malaibulale n'chakuti Jellyfin ikangoona foda imayamba kufufuza nthawi yomweyo. Pa laibulale ya mtundu wa Movies imatenga dzina la fayilo ndi chaka n'kukafunsa ku TheMovieDb ndi ku OMDb kuti ipeze chithunzi ndi nkhani ya filimuyo. Pa nyimbo imafunsa ku MusicBrainz ndi ku TheAudioDB. Funso lililonse limachoka ndi adiresi yanu ya IP. Pa mafilimu ogulitsidwa m'sitolo ine ndimalola, poti laibulale yopanda zithunzi ndi yotopetsa kuyang'ana, ndipo choululika ndi mndandanda wa zimene muli nazo, osati zimene mwaonera. Vuto lili pa makanema apabanja. Fayilo yotchedwa "Chinkhoswe cha achemwali 2019" ikakhala mu foda ya Movies, mawu amenewo amapita kunja ngati funso. Ambiri timalembanso dzina lonse la munthu, dzina la mudzi, la sukulu ya mwana kapena la chipatala pa fayilo. Chotsatira china n'choseketsa: kanema wa chinkhoswe amapatsidwa chithunzi cha filimu ya ku Hollywood imene dzina lake likufananako.

Choncho ndimayamba ndalekanitsa mafoda pa disiki, /srv/media/mafilimu kwina, /srv/media/banja kwina. Wa banja ndimaupatsa mtundu wa Home Videos and Photos, umene sufunsa ku TheMovieDb, ndipo chithunzi cha kanema aliyense imachijambula kuchokera mu kanemayo. Ngati pali filimu ina imene simufuna kuti dzina lake lituluke, ipangireni laibulale yake, muchotse zizindikiro zonse pansi pa Metadata downloaders ndi Image fetchers musanadine OK, n'kuika nokha poster.jpg mu foda yake.

Mafayilo ochokera pafoni amanyamulanso malo amene anajambulidwira. Aliyense amene mwamulola kutsitsa fayilo amatenganso malowo, nthawi zambiri n'kukhala pakhomo panu penipeni. Pa zithunzi ndimalemba exiftool -gps:all= -r /srv/media/banja. ExifTool imasiya fayilo yakale ndi dzina lothera mu _original, ndiye mukaona kuti zatsopano zili bwino, zakalezo muzisamutse. Pa makanema ndimagwiritsa ffmpeg -i wakale.mp4 -map_metadata -1 -c copy watsopano.mp4, imene siichepetsa kuoneka bwino kwa kanema, koma imachotsanso tsiku lojambulira, ndiye tsikulo liyambe lalembedwa pa dzina la fayilo.

Za ma plugin sindichulutsa. Ya Trakt ntchito yake yeniyeni ndi kutumiza kunja zonse zimene mwaonera. Ya Open Subtitles imafuna akaunti ndipo imakafunsa za fayilo iliyonse imene mukufunira mawu. DLNA, njira imene ma TV amapezera mafilimu pa netiweki ya m'nyumba, imene kuyambira mtundu wa 10.9 ndi plugin yapadera, siifunsa pasiwedi: mlendo aliyense amene mwamupatsa Wi-Fi akhoza kuona laibulale. Zitatu zonsezi sindiika.

Tsopano maakaunti. Ya admin ndi yokonzera zinthu basi, sindionerapo filimu. Ndimaiikira Hide this user from login screens n'kuichotsera chilolezo cholowera kuchokera kunja. Aliyense m'nyumba ali ndi akaunti yake ndi pasiwedi yake, ngakhale ana. Pa tsamba la Access ndimachotsa chilolezo cha malaibulale onse n'kusankha umodziumodzi, ndipo wa banja umapita kwa abale okha. Chilolezo chotsitsa mafayilo ndimachisiya kwa ochepa. Pa Failed login attempts, mukasiya 0 ndiye kuti munthu wamba amatsekeredwa akalakwitsa katatu ndipo admin kasanu. -1 imazimitsa chitetezo chimenechi, ndiye musaiike.

Pali chinthu china chimene chiyenera kunenedwa pamaso pa onse: mwini seva amaona zonse. Pa Dashboard pamaoneka amene akuonera panopa, filimu yake, foni yake ndi adiresi yake, ndipo tsamba la Activity limasunga mbiriyo masiku 30. Mlamu wanu amene mwamupatsa akaunti sakudziwa zimenezi. Muuzeni musanamupatse. Plugin ya Playback Reporting imasonkhanitsa zambiri kuposa apa, ndipo ine sindiona chifukwa choti munthu azisunga kaundula wa zimene mkazi wake kapena mwamuna wake amaonera usiku.

Kuonera muli kutali ndi gawo limene limafuna mtima wodekha. Kutsegula port 8096 pa rauta ndi njira yachidule koma yoipa. Pasiwedi imayenda pa HTTP yosabisika, makina ofufuza monga Shodan amayendera maadiresi onse usana ndi usiku, ndipo okonza Jellyfin eniake amavomereza kuti pali maulalo ena a mafayilo amene safunsa kuti ndinu ndani ngati mukudziwa nambala ya fayiloyo. Komanso pa intaneti ya 4G ndi pa Starlink yapanyumba, nthawi zambiri sizitheka n'komwe chifukwa cha CGNAT, pamene nyumba zambiri zimagawana adiresi imodzi. Mudziwa poyang'ana adiresi ya WAN pa rauta: ikayamba ndi 10 kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli m'gulu limeneli.

M'malo mwake ndimaika Tailscale, pulogalamu yolumikiza zida zanu pa netiweki yobisika, pa seva ndi pa foni kapena laputopu iliyonse yofuna kuonera kunja. Imagwiritsa WireGuard, siifuna port yotsegula pa rauta, ndipo chida chilichonse chimalandira adiresi yoyamba ndi 100. Kampaniyi siona zimene mukuonera, koma imadziwa mayina a zida zanu, maadiresi ake ndi nthawi imene zalumikizana. Amene safuna ngakhale zimenezi aike Headscale kapena WireGuard yokhayokha pa seva yobwereka.

Mukayesa koyamba, Jellyfin ikukanani. Maadiresi a 100 siiwawerenga ngati a m'nyumba. Ambiri amathetsa izi polemba 100.64.0.0/10 mu LAN networks, ndipo zimagwira, bola mulembenso 192.168.1.0/24 chifukwa bokosilo likadzazidwa limafufuta zimene linkadziwa lokha. Koma mukatero admin uja akhoza kulowanso ali kutali, ndipo malire a liwiro la kanema sagwiranso. Ine ndimachita mwina. Ndimatsegula Allow remote connections mu Networking, ndimalemba 100.64.0.0/10 mu Remote IP address filter n'kuiika kuti izilola okhawo, kenaka ndimapereka chilolezo cha kunja kwa munthu mmodzimmodzi. Pa ufw ndimawonjezera sudo ufw allow in on tailscale0 to any port 8096. Internet streaming bitrate limit ndimaiika pa 3 Mbps, imene ndi pafupifupi 1.35 GB pa ola. Popanda malirewa filimu imodzi imameza bandulo yonse ya woonera, ndi ya kunyumba yomwe.

Nthawi zina wachibale ali ndi TV imene siilola Tailscale, ndiye pamafunika dzina la pa intaneti ndi reverse proxy (pulogalamu yolandira ochokera kunja n'kuwapereka kwa seva) monga Caddy kapena Nginx pa port 443. Apa pali misampha itatu. Mukaiwala kulemba adiresi ya proxy mu Known proxies, aliyense wochokera kunja amaoneka ngati ali m'nyumba, ndipo malamulo onse aja amagwa. Satifiketi iliyonse ya HTTPS yochokera ku Let's Encrypt imalembedwa m'kaundula wapoyera amene aliyense angafufuze pa crt.sh, ndiye dzina loyamba ndi jellyfin likulengeza lokha chimene chili kuseri. Tengani satifiketi ya wildcard, imene siitchula dzina loyambalo, kudzera mu DNS. Ndipo maulalo ena a Jellyfin amanyamula api_key, imene imalembedwa mu access log ya proxy. Muifufutitse m'kalembedwe ka log kapena muzimitse log yonse.

TV nayonso ndi kazitape payokha. Ma smart TV ambiri ali ndi ACR, imene imatenga zidutswa za zimene zili pa sikirini n'kuzitumiza kukazindikiritsa, ngakhale zikuchokera pa HDMI kapena pa seva yanu. Mu 2017 Vizio inavomera kulipira madola 2.2 miliyoni ku America pa mlandu wosonkhanitsa zimenezi osauza eni ma TV. Pa Samsung ndimazimitsa Viewing Information Services, pa LG ndimazimitsa Live Plus, ndipo ndimayang'ananso TV ikadzikonza yokha.

Disiki ya mafayilo ndi foda ya config ndimazibisa ndi LUKS, njira yotsekera disiki ndi pasiwedi, kuti wakuba akanyamula kompyuta asapeze makanema a ana ndi mbiri ya owonera. Mtengo wake ndi wakuti magetsi akazima n'kuyakanso, disikiyo imadikira pasiwedi. Ndiye disiki ya Debian ndimaisiya yosabisa kuti kompyuta iziyaka yokha, n'kulowa pa SSH, kulemba cryptsetup open, kuimangirira ndi mount, kenaka kuyatsa Jellyfin. Docker isaiyatse yokha disiki isanatseguke, chifukwa ikapeza config yopanda kanthu imayambiranso ngati yatsopano, ndipo woyamba kufika pa tsambalo ndiye amakhala admin. Ka UPS (batire yosunga magetsi) kakang'ono kamathandiza, poti nkhokwe ya SQLite imatha kuonongeka magetsi akaduka ili mkati molemba. Posunga kope la config ndimayamba ndaimitsa Jellyfin, n'kugwiritsa restic, imene imabisa kopelo lisanachoke pa seva.

Mwezi uliwonse ndimasunga kope, kenaka docker compose pull ndi docker compose up -d. Kope liyambe, chifukwa mtundu watsopano ukasintha nkhokwe simungabwerere mmbuyo. Kuzengereza apa kuli ndi mbiri yake: pa kubedwa kwa LastPass, kampani yosunga mapasiwedi, mu 2022, akuba analowera pa kompyuta ya kunyumba ya injiniya wina imene inali ndi Plex Media Server yakale, pa bowo limene linali litatsekedwa kale mu 2020.

Pomaliza ndimayesa. Pa seva, sudo ss -tulpn imaonetsa ma port onse otseguka. Pa foni ndimazimitsa Wi-Fi ndi Tailscale n'kuyesa kufika pa adiresi ya kunja ya nyumba pa 8096. Iyenera kungozungulira mpaka kulephera. Kenaka ndimayatsa sudo tcpdump -i any port 53 n'kuuza laibulale ya banja yokha kuti ifufuze mafayilo. Mukaona api.themoviedb.org ikudutsa nthawi imeneyo, imitsani kufufuzako, mutsegule Libraries, muyang'ane ngati foda ya banja sinalowe mkati mwa foda ya mafilimu.