Makamera a makolo athu akujambulabe: mbiri ya kasitolo kathu ku Limbe

Mwezi uno tasamuka. Tachoka pakhonde la nyumba ku Ndirande, pomwe bizinesi yathu inabadwira, ndipo tsopano tili ndi malo athuathu ku Limbe: kutsogolo kuli mashelefu a makamera, kumbuyo kuli chipinda chamdima chotsukiramo filimu. Ambiri mwa inu mumatidziwa pa WhatsApp pokha, mumatumiza ndalama kwa anthu amene simunawaonepo nkhope. Ndiye ndati mudziwe kumene tachokera.

Malume anga anali wojambula wa pa njinga. Lamulungu anthu akamaweruka ku tchalitchi atatchena, iwo ankazungulira m'makwalala a Ndirande kamera ili m'khosi. Munthu ankapereka theka la ndalama, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze kaye, kenako malumewo ankapita nayo m'tauni kukatsukitsa. Mafoni okhala ndi kamera atafika, ntchito ija inatha mwakachetechete, kamera n'kulowa m'sutikesi pansi pa bedi. Inali Zenit-E, chitsulo cholemera cha ku Krasnogorsk kufupi ndi Moscow, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1965. Sifuna batire. Atandipatsa ndinaipukuta, ndinapeza filimu imodzi, ndipo zithunzi zitatuluka ndinaona zomwe lenzi yake ya Helios-44 imachita: nkhope ya munthu ili gwa, koma masamba a mtengo kumbuyo kwake akuoneka ngati akuzungulira. Foni yanga sinandipatsepo chithunzi chotero. Anzanga awiri ataona anati nawonso akufuna kamera, ndipo bizinesi inayambira pamenepo.

Makamera athu ambiri sachokera kunja ayi. Ali m'dziko mommuno, m'matumba ndi m'makabati a anthu amene ankajambula maukwati ndi zinkhoswe kale. Tawapeza ku Bangwe, ku Zomba, ku Thyolo, ngakhale ku Mulanje. Pali Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997 ndipo anthu ambiri padziko anaphunzirira kujambula pa iyoyo, chifukwa batire yake imangothandiza kuyeza kuwala, zina zonse ndi zitsulo ndi masipuling'i. Pali Canon AE-1 ya 1976, yomwe popanda batire sigwira ntchito n'komwe, ndipo timauza wogula zimenezi asanalipire. Koma imene ine ndimaikonda mwapadera ndi Olympus Trip 35, kakamera kolowa m'thumba la jekete, kopangidwa kuyambira 1967 mpaka 1984. Mozungulira lenzi yake muli timagalasi ta selenium timene timatenga mphamvu ku kuwala kwa dzuwa, ndipo kukachita mdima kambendera kofiira kamatulukira m'diso loyang'anira, batani n'kukana kudinika kuti musaononge filimu. Kamera yoganizira thumba la mwini wake chonchi, anthu anaipanga zaka zoposa 50 zapitazo!

Nkhalamba zimene timagulako makamerawa sitimazibera. Ena amabwera nayo akuganiza kuti ndi chitsulo chongotaya, ife timawauza mtengo wake weniweni. Ndipo palibe kamera imachoka pa shelefu yathu tisanaijambulire filimu. Siponji yotseka kuwala m'mbali mwa chitseko cha kamera, imene ikakalamba imasanduka phala lakuda lomata, timaichotsa n'kuika yatsopano, ndipo zithunzi zoyesera timakupatsirani limodzi ndi kamerayo.

Za makamera a pulasitiki, aja amati a zidole, anthu anatiseka poyamba. Holga inayamba kupangidwa ku Hong Kong kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kuti anthu wamba a ku China akhale ndi kamera yotsika mtengo. Lenzi yake ndi ya pulasitiki, m'makona mwa chithunzi mumada, ndipo nthawi zina kuwala kumalowera m'ming'alu n'kusiya mizere yofiira, n'chifukwa chake eni ake amaimata ndi tepi yakuda. Imadya filimu yayikulu ya 120, zithunzi 12 zokha, ndipo nambala ya chithunzi mumaionera pa kawindo kofiira kumbuyo. Mkulu wake ndi Diana, ya ku Hong Kong komweko ya m'ma 1960, imene kampani ya Lomography ya ku Vienna inaidzutsanso mu 2007. Ine sindivomereza kuti awa ndi makamera osewerera. Munthu amene ali ndi zithunzi 12 zokha amaima, n'kuyang'anitsitsa, asanadine. Mtsikana wina wa pa koleji anajambula agogo ake akupeta chimanga ndi Holga yathu, ndipo chithunzi chimenecho, mwachilolezo chake, tachipachika pakhoma la sitolo yatsopanoyi. Bwerani mudzachione, kenako mudzandiuze ngati ndi chidole.

Tsopano ndinene za chaka chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagunda chigawo cha kummwera. Ku Chilobwe ndi ku Soche matope anatsika m'phiri n'kukwirira mabanja, ndipo zimene ife tinataya sizingafanane ndi zimenezo. Nyumba yathu sinagwe, koma denga linadontha, makoma ananyowa, magetsi kunalibe, ndipo chinyezi chinakhazikika m'nyumba kwa nthawi yaitali. Dzuwa litabwerera ndinatenga lenzi imodzi ya Pentax, n'kuwalitsa tochi kumbuyo kwake. Mkati mwa galasi munali timizere toyera tofalikira ngati ukonde wa kangaude. Chuku. Ndinatenga ina, chimodzimodzi. Ina, chimodzimodzinso. Chuku cha mu lenzi sichingokhala pamwamba, chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi, ndipo chilonda chimenecho sichipola. Ine ndi mkazi wanga tinakhala pa mkeka usiku ndi usiku, tikumasula malenzi ndi kupukuta galasi limodzilimodzi, timasikuluwu tili m'zivindikiro za mabotolo kuti tisasowe. Ena tinawapulumutsa. Ena ambiri, kuphatikizapo amene tinali titalandira kale ndalama zake, anafera pomwepo. Aliyense amene analipira ndipo sanafune kudikira tinamubwezera ndalama yake yonse, ngakhale zinatanthauza kugulitsa njinga ya malume ija.

Tinapita kukapempha ngongole. Bwana wina wa pa ofesi yobwereketsa ndalama anatembenuza Trip 35 m'manja mwake, n'kutifunsa ngati tikudziwa kuti dziko linapita patsogolo. Bwana, ngati mukuwerenga, mwana wa mlongo wanu ndi kasitomala wathu, ndipo timamulandira bwino. Tinathera kwa wakatapila, amene chiwongola dzanja chake sindichifunira ngakhale mdani wanga. Tisanapume, mu November chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo filimu iliyonse, poti imachokera kunja, inakwera usiku umodzi. Pa nthawi yomweyo munthu amene ankatitumizira katundu kuchokera ku Joni anatitumizira bokosi la filimu ya kala yomwe inatha nthawi kalekale ndipo inasungidwa potentha, madeti atamatidwa ndi sitika. Titayesa imodzi, zithunzi zinatuluka zotuwa, zopanda moyo. Sitinagulitse ngakhale imodzi. Iyeyo anasiya kuyankha foni mpaka lero. Tinamusiya m'manja mwa Mulungu, koma dzina lake amalonda anzathu tinawauza.

Chimene chinatidzutsa ndi filimu yakuda ndi yoyera. Tinayamba kugula mpukutu waukulu wa mamita 30 wa Fomapan ya ku Czech Republic, umene timadula tokha mumdima n'kutulutsa mafilimu pafupifupi 18. Timatsukira Rodinal, mankhwala amene alipo kuyambira 1891, ofunika timadontho tochepa m'madzi ndipo botolo lake silionongeka msanga. Madzi ake amafunika akhale pa madigiri 20, choncho mu October timayamba ndi kugula ayezi. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yomweyo, sindikutopetsani nayo.

Ndithokoze. Malume anga, amene anandipatsa kamera yoyamba ndi njinga yomwe, osafunsa kuti ndidzabweza liti: zikomo, achimwene a amayi anga, sitolo iyi ndi yanu. Mayi a kunyumba, amene maso awo amaona fumbi pa negetivu pomwe ine sindikuona kanthu. Amayi a banki m'khonde ya kwathu, amene anatikhulupirira pomwe a mataye anatikana, ndipo ndalama yawo ndi imene inatichotsa m'kamwa mwa katapila. Bambo wokonza mawotchi amene anandiphunzitsa kugwira sipuling'i yaing'ono osaithyola. Madalaivala a mabasi a ku Joni amene amasunga katundu wathu kutali ndi kutentha kwa injini chifukwa tinawapempha. Achibale a ku Britain amene akamabwera kutchuthi amatinyamulira filimu ya Ilford HP5 m'chikwama cha m'manja, n'kupempha a pa bwalo la ndege kuti aiyang'ane pamanja isalowe m'makina atsopano aja oononga filimu. Ojambula akale onse amene munatigulitsa makamera anu misozi ili m'maso. Ndi inu makasitomala amene munakana kulandira ndalama zobwezedwa, munati tidikira, Mulungu akudalitseni kopambana.

Pa shelefu panopa pali ma K1000, ma Trip 35, ma Zenit ochepa ndi ma Holga, onse oyesedwa, onse akusungidwa m'mabokosi otseka bwino okhala ndi silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, poti dzinja likubwera. Filimu ya 35mm ndi ya 120 ilipo, ili mu fuliji. Tikutsuka yakuda ndi yoyera, ndipo tsopano tayambanso ya kala, imene mankhwala ake amafuna madigiri 38 osasuntha. Zithunzi timakutumizirani pa foni, manegetivu mumatenga. Wogula kamera koyamba timamuphunzitsa kuika filimu ulere, Loweruka m'mawa. A ku Lilongwe ndi ku Mzuzu timatumiza pa basi.

Ndipo ngati kwanu kuli kamera ya bambo kapena agogo m'sutikesi, bwerani nayo tidzaione. Chonde musatsegule chitseko chake cha kumbuyo musanafike, mwina mukadali filimu mkatimo.