Nkhungu pa chipumi cha Vondel

Lachitatu nditangotsegula bokosi la zithunzi zakale za alakatuli a ku Holland, fungo lokha linandiuza kuti zavuta. Nkhungu. Timadontho totuwa pa chipumi cha Joost van den Vondel, pa chithunzi chija Cornelis Visscher anagoba pa mkuwa n'kudindidwa pa pepala mu 1657. Makina ochotsa chinyontho m'chipinda chosungira anafa kalekale. Makalata ndalemba anayi, yankho ndi lomwelomwelo: bajeti yatha. Chinyontho chinali chitadutsa 65 peresenti, ndipo anzanga a ntchito ya mapepala mukudziwa kuti pamenepo nkhungu imaitana ndi abale ake omwe.

Tsiku lonse ndinaweramira mkuluyu ndi kaburashi kofewa, galasi lili m'diso. Visscher anali katswiri, timizere take n'tosalala moti khungu la nkhalamba ya zaka 70 limaoneka ngati lingatenthe ukalikhudza. Wakhala mwaulemu, pepala m'manja, mfumu ya alakatuli. Koma munthuyu ankagulitsa masokosi mu msewu wa Warmoesstraat ku Amsterdam, ndipo nthawi imeneyo ngongole za mwana wake zinali zitamudya mpaka mafupa. Mu 1658 anakalowa ukalaliki ku banki ya pinyolo ya mzindawo, n'kukhalako zaka 10. Pa mkuwa paja palibe sokosi ngakhale imodzi.

Cha m'ma 4 koloko abwana anatulukira ndi wojambula, akufuna Vondel yemweyo pa posita ya chionetsero. Ndinawaonetsa madonthowo.

"Musadandaule mayi, amenewo tifufuta pa kompyuta."

"Nanga makina aja, bwana, nawonso tiwakonza pa kompyuta?"

Anaseka. Ine ayi. Ndalama ya posita ilipo, ya vinyo wa alendo ilipo. Anafunanso kuti chithunzicho chikapachikidwe pafupi ndi zenera, pomwe pepala lakale siliyenera kuwala kopitirira 50 lux, muyeso wa kuwala. Apo ndiye ndinakanitsitsa, mawu akunjenjemera.

Masiku enawo n'zachizolowezi. Lolemba ndinasintha katoni yochirikiza chithunzi cha Constantijn Huygens, chogobedwa ndi Paulus Pontius potengera chojambula cha Van Dyck. Lachiwiri, kumatula selotepi yomwe wina anamata kale ine ndisanabwere, Mulungu amukhululukire. Lachisanu ana asukulu anaunjikana pa chithunzi cha Anna Maria van Schurman, amene anadzigoba yekha mu 1633 n'kubisa manja ake, ndipo kamtsikana kena kanafunsa ngati analibe zala.

Mabokosi ena asanu ndi awiri sindinawatsegulebe. Kalata yachisanu ndatumiza m'mawa uno.