Chimene chimanjenjemeretsa kuwala kwa laser mumpweya ndi m'nyanja

Mukaloza laser (kuwala kwamphamvu koyenda mu kamzere kowonda) pakhoma lomwe lili pa mtunda wa kilomita imodzi dzuwa likuswa mtengo, kadontho kake sikakhazikika. Kamavinavina, kamafutukuka, kamazilala n'kuwalanso. Gwero lake ndi mpweya wotentha ndi wozizira umene ukusakanikirana m'njiramo, womwe uja umachititsa msewu wa tala kuoneka ngati ukuwira mu Okutobala. Kutentha kukasintha ndi digiri imodzi, mphamvu ya mpweya yopinda kuwala imasintha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa miliyoni. N'zochepa, koma pa mtunda wautali zimaunjikana.

Choncho wotumiza intaneti pa laser pakati pa nyumba ziwiri asadutsitse kuwalako pafupi ndi denga la malata, poti mpweya umatakasika kwambiri pamenepo. Akweze zipangizo m'mwamba, ndipo galasi lolandirira likhale lalikulu kuti kadontho kakasuntha kasaphonye.

M'nyanja ya mchere vuto ndi lalikulu zedi. Digiri imodzi yomweyo imasintha kapindidwe ka kuwala kuposa mumpweya pafupifupi ka 100, ndipo mchere ukasiyana malo ndi malo umawonjezera. Madzi amamezanso msanga kuwala kofiira, n'chifukwa chake otumiza laser pansi pa nyanja amagwiritsa ntchito kuwala kobiriwira ndi kwa buluu, komwe mafunde ake ndi otalika ma nanomita 450 mpaka 550 (nanomita ndi gawo limodzi mwa biliyoni la mita).

Akatswiri a nyenyezi ku Paranal, m'dziko la Chile, amalimbana ndi vuto la mumpweyali mochititsa chidwi. Kuyambira 2016 amawombera ma laser anayi a ma watt 22 kumwamba, n'kuwalitsa sodium (chinthu chopezekanso mu mchere) yemwe ali pa makilomita pafupifupi 90 m'mwamba, kuti aoneke ngati timadontho towala. Kompyuta imayeza mmene timadontho timeneti tapindikira, kenako imakhotetsa galasi lopyapyala la makina oonera nyenyezi kambirimbiri pa sekondi kuti chithunzi cha nyenyezi chiwongoke.