Tinaona mtsinje ukulanda madzi a unzake

Tinapita anthu asanu ndi atatu, tonse ophunzira za madzi ndi nthaka, kukacheza ku labotale ya St. Anthony Falls ya yunivesite ya Minnesota mumzinda wa Minneapolis ku America. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1938 ndipo ili pambali penipeni pa mathithi a mtsinje wa Mississippi, moti madzi a mtsinjewo amawapatutsira mkati mwake kuti azichitira kafukufuku.

Anationetsa ngalande zikuluzikulu zoyeseramo mchenga ndi miyala, koma ine mtima wanga unatsalira pa kabokosi kamodzi, theka la mita mbali iliyonse. Amadzazamo phala la ufa wa silika (mchenga wopera bwino kwambiri), pamwamba n'kumapoperapo madzi osalala ngati nkhungu, chifukwa dontho lalikulu lingakumbe dzenje n'kusokoneza zonse. Makoma awiri a bokosilo amatsitsidwa pang'onopang'ono, zomwe zikufanana ndi nthaka imene ikukwera pamene phiri likubadwa.

Timifuleni timayambira m'mphepete, n'kumadya dothi chobwerera kumtunda, kenaka n'kuchita nthambi. Pa zithunzi zimene anatisonyeza, zojambulidwa motsatizana kwa maola ambiri, tinaona chitunda cha pakati chikusuntha. Apa m'pamene ndinadzidzimuka. Kuyambira kale ndinkayesa kuti mzere wogawa madzi pakati pa zigwa ziwiri ndi wokhazikika, monga timaujambulira pamapu. Ayi ndithu. Mfuleni wotsetsereka kwambiri umakumba msanga, umaboola chitundacho, ndipo madzi omwe ankapita kwina amatembenukira kwa iwo. Winawo umatsala ndi khwawa louma. Akatswiri awiri, Hasbargen ndi Paola, analemba za zimenezi m'chaka cha 2000: ngakhale dothi lokokoloka litafanana ndi lokwera, zitunda sizileka kuyenda.

Mnzathu wina anafunsa mosabisa: “Nanga muno mulibe mitengo kapena udzu, tingakhulupirire bwanji?” Amene ankatiperekezawo anavomera kuti bokosi si phiri, ndipo sanafune kutinamiza kuti ola limodzi ndi zaka zakutizakuti. Anati ubwino wake ndi woti umasintha chinthu chimodzi chokha, kaya mvula kaya kukwera kwa nthaka, n'kuona zotsatira. Yankholi linandikhutiritsa.

Potuluka tinaima kuyang'ana mathithi aja. Nawonso anayenda chobwerera kumtunda kwa zaka zikwi zambiri, mwala wofewa wa pansi ukudyeka ndipo wolimba wa pamwamba ukugumuka, mpaka anthu anawatchinga ndi konkire. Ndinatsalira kumbuyo ndikuwayang'anabe, mpaka anzanga anachita kubwerera kudzanditenga.