Mowa wowira m'nyengo yozizira umafuna kutentha kosasinthasintha

Mowa woyamba umene ndinafulula m'nyengo yozizira unawira bwino masiku atatu, thovu lili tho pamwamba, koma pa tsiku lachinayi unangoti zii. Chidebe chake cha malita 20 ndinachikhazika pasimenti, ndipo choyezera kutentha chimene chinali pakhoma chinkasonyeza madigiri 17 masana, choncho sindinakayikire kanthu. Nditayeza ndi hydrometer, kachipangizo kamene nambala yake imatsika shuga akamachepa m'mowa, ndinapeza kuti mowa umene unayambira pa 1.050 waima pa 1.024, pamene unayenera kutsikira cha pa 1.010. Nditaulawa unali wotsekemera ngati phala.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti yisiti ikamadya shuga imatulutsa kutentha kwakekwake, moti m'masiku oyambirira mowa umatha kufunda kuposa chipinda ndi madigiri awiri kapena kuposerapo. Kutentha kumeneku n'kumene kunabisa vuto langa. Shuga wosavuta kudya atachepa, yisiti inayamba kufooka, kutentha kwake kunatha, ndipo simenti ija inapitiriza kuyamwa kotsalako usiku uliwonse mpaka yisiti yonse inakhazikika pansi ntchito isanathe. Yisiti ya mowa wa mtundu wa ale, yotchedwa Saccharomyces cerevisiae, imagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 18 ndi 22, ndipo ikazizidwa siifa ayi, imangogona. Choncho nthawi yofunika kukhala tcheru kwambiri ndi pamene thovu layamba kuphwa, chifukwa apa m'pamene mowa umasiya kudzifunditsa wokha.

Ulendo wachiwiri ndinalakwitsa kumbali inayo. Ndinayandikiza hita pachidebe kuyambira tsiku loyamba, mowa n'kufika madigiri 27, ndipo ngakhale unapsa msanga, unkanunkha ngati mankhwala osungunulira penti ndiponso unkapweteketsa mutu. Kutentha kukapyola muyezo m'masiku atatu oyambirira, yisiti imapanga mitundu ina ya mowa waukali imene siichoka ngakhale mutausunga miyezi ingapo. Kunena zoona, pakati pa zolakwa ziwirizi kuzizira n'kwabwinoko, popeza yisiti yogona imadzuka mukafunditsa chidebe pang'onopang'ono n'kuchigwedeza mosamala kuti nsenga zivunduke, pamene fungo lobwera ndi kutentha lilibe mankhwala.

Masiku ano ndimayamba ndi kuchotsa chidebe pasimenti n'kuchikhazika pathabwa. Choyezera kutentha ndimachimata pambali pa chidebe, cha pakatikati pa mowa, n'kuchiphimba ndi kansalu kokhuthala kuti chizimva mowawo m'malo mwa mpweya wa m'chipinda. Masiku atatu oyambirira ndimangoufunditsa bulangeti usiku, kenako ndimaika chidebecho m'beseni lalikulu la madzi momwe muli kahita kofunditsira madzi a nsomba zoweta, kamene kamazima kokha kutentha kukafika pamene ndakonza. Madzi amachedwa kuzizira, ndiye kusiyana kwa usana ndi usiku sikufika pamowa, ndipo m'kuona kwanga madigiri 18 osasintha amaposa 21 a masana otsatiridwa ndi 13 a m'bandakucha. Kumapeto ndimakweza ndi madigiri awiri kwa masiku angapo kuti yisiti imalize kuyamwa diacetyl, chinthu chija chimene chimapangitsa mowa kumveka ngati batala.

Musadalire kubwibwitha kwa kachipangizo kotulutsira mpweya pachivundikiro, chifukwa usiku kukazizira mpweya wa m'chidebe umafinyikana, ndipo nthawi zina madzi a m'kachipangizoko amakokedwera m'mowa. Umboni woti mowa wapsa ndi hydrometer ikatsikira pa nambala imene mumayembekezera n'kumasonyeza nambala imodzimodziyo masiku atatu otsatizana.

Amene chipinda chake sichikwera kuposa madigiri 12 angachite bwino kungofulula mowa wa mtundu wa lager, womwe yisiti yake, Saccharomyces pastorianus, imakonda madigiri apakati pa 8 ndi 13, ngakhale imafunika yochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri komanso masabata ambiri. Ku Bavaria, dera limene lero lili m'dziko la Germany, lamulo la mu 1553 linkalola kufulula kuyambira pa 29 September mpaka pa 23 April basi, ndipo mowa wa nyengo yozizirawo ndi umene unatchukitsa deralo. Koma kaya ndi ale kaya ndi lager, mabotolo mukawathira shuga woti apange mpweya, asungeni pamalo ofunda cha pa madigiri 20 kwa masabata awiri musanawapititse kozizira.